Madimba a mu mzinda wa Maputo

Tikamva dzina la Maputo, ife a kumalire timaganiza za nyumba zosanja ndi maofesi a boma. Koma amene anafikako m'mwezi wa Abril, pamene kuno tili m'masika, andicitira umboni kuti m'cigwa ca Infulene ndi ku Mahotas amayi amakhala atawerama ndi makasu monga ku Domwe kapena ku Tsangano. Malo amenewa amachedwa Zonas Verdes, ndipo mbiri yake ndi ya njala.

Cisanafike caka ca 1975, minda yambiri yothirira kumeneko inali ya Apwitikizi, amene ankalima ndiwo zamasamba zogulitsa mu Lourenço Marques. Titalandira ufulu pa 25 Junho, ambiri a iwo anacoka. Minda inatsala yopanda mwini, makina opopera madzi anafa, ndipo boma linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya dziko. Mzinda unkakula, koma cakudya cinkacepa, mpaka anthu anayamba kugula ufa, mpunga ndi shuga poonetsa khadi la banja.

Mu 1980 boma la Samora Machel linatsegula ofesi yoyang'anira Zonas Verdes, kuti anthu osowa nchito alime m'mphepete mwa mzinda. Amene anabwera ambiri anali amayi: amasiye, ena amuna awo ali kumigodi ya ku Joni, ena osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Makoperativa awo anagwirizana n'kupanga bungwe la União Geral das Cooperativas. Wansembe wa ku Italy, Bambo Prosperino Gallipoli, anawathandiza kwa zaka zambiri, ndipo Mayi Celina Cossa anakhala mtsogoleri wake. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ya bungweli sinali pa mbewu ayi. Linamanga malo osungirako ana ndi kutsegula makalasi a akuluakulu, cifukwa mayi sangathirire bwino mwana akulira kumsana tsiku lonse, ndiponso wosadziwa kuwerengera ndalama amaberedwa pamsika.

Nanga n'cifukwa ciani nchito imakula mvula ikatha? Nthaka ya m'cigwa ndi yakuda, yosunga madzi, imene kumeneko amati machongo. M'dzinja imadzaza madzi, kutentha kumapsereza mbande, tizilombo timacuruka. Kuyambira Marso mpaka Maio madzi amaphwa ndipo kunja kumayamba kuzizira. Ndiye pamene amatsegula ngalande, kuunda mabedi, kuthira manyowa ndi kuwokera kove, alfasi, kabici ndi anyezi. Nkhwani ndi citambe nazonso sizisowa. Alimi a madimba kuno mukuona kuti palibe cacilendo. Kusiyana n'kwakuti ife dimba limabwera cimanga cili m'nkhokwe, pamene mayi wa ku Infulene alibe nkhokwe: mabedi ake ocepawo ndiwo ufa, sopo ndi kope la mwana wa sukulu.

Nkhondo itafika poipa m'zaka za m'ma 1980, misewu yolowa mu mzinda inali yoopsa. Ife ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anzathu a ku Gaza ndi ku Inhambane anathawira ku Maputo, ndipo madimba aja anadyetsa khamu limene kale linkadzilimira lokha. Mu 1985 boma linasiya kuika mitengo ya ndiwo zamasamba, alimi anayamba kupezako phindu. Pambuyo pake bungwe lija linalowa kwambiri m'kuweta nkhuku, ndipo zitosi zake zinkabwerera m'mabedi.

Mtendere wa 1992 unabweretsa mavuto amtundu wina. Misewu itatseguka, magalimoto a tomato, anyezi ndi mbatata ocokera ku South Africa anadzaza misika. Anthu a ndalama anayamba kusirira malo omangapo nyumba, ndipo munda wa pafupi ndi msewu ndiwo umayamba kupita. Lamulo la nthaka la 1997 limavomereza ufulu wa nzika imene yagwiritsa nchito malo mokhulupirika kwa zaka 10, ngakhale ilibe cikalata. Lamulo ndi labwino, koma pa mkangano amene wanyamula pepala la DUAT amamveka msanga kuposa amene wanyamula khasu. Zimenezi zisatiphonye ife okhala pafupi ndi Ulongwe, kumene nyumba zayamba kale kutsikira kumadambo, ndipo ambiri mwa madimba athu sanalembedwe paliponse.