Mafuta m'chiwindi: zimene kudya pang'ono kwambiri kumachita

M'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe ndi Redcliff, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito. Moyo wa m'tauni unabweretsa nsima ya ufa woyera, buledi, shuga ndi zakumwa zozizira. Zakudya zoterezi zikachuluka kuposa zimene thupi likufuna, zotsalazo zimasanduka mafuta, ndipo ena amakaunjikana m'chiwindi.

Madokotala amati chiwindi chadwala mafuta ake akapitirira 5 peresenti. Nthendayi imagwira ngakhale munthu amene salawa mowa, makamaka wonenepa kapena wodwala shuga. Poyamba sipweteka, koma ikalekereredwa chiwindi chimatupa, kenako n'kuuma ndi zipsera. Kuyambira mu 2023 akatswiri amaitchula kuti MASLD.

Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza m'ma calorie, ndipo munthu wamkulu amafunika pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 patsiku. Mu 2011, gulu la Pulofesa Roy Taylor wa pa yunivesite ya Newcastle ku England linalengeza zotsatira za kafukufuku wa anthu 11 odwala shuga amene anangopatsidwa ma calorie 600 patsiku kwa milungu isanu ndi itatu. Mafuta a m'chiwindi anatsika kuchoka pa 12.8 peresenti kufika pa 2.9 peresenti, ndipo kusinthako kunayamba mlungu woyamba womwe. Chifukwa chake n'chakuti thupi likasowa chakudya limafulumira kuwotcha mafuta a m'chiwindi.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa DiRECT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anapeza kuti mwa odwala shuga amene anatsatira ndondomeko yofanana ndi imeneyi, 46 mwa 100 alionse anali ndi shuga wabwino popanda mankhwala patatha chaka.

Komabe izi sizikutanthauza kugona ndi njala. Anthuwo ankapatsidwa zakumwa zokonzedwa mwapadera, zokhala ndi zomanga thupi ndi mavitamini okwanira, ndipo achipatala ankawayang'anira. Njala yeniyeni nayo imadzaza mafuta m'chiwindi, monga zimachitikira ana odwala kwashiorkor.

Kuwonda mofulumira kungayambitse timiyala m'ndulu, chizungulire ndi kufooka, zomwe zingaphetse munthu wogwira ntchito pansi pa nthaka kapena woyendetsa makina. Wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akhoza kukomoka shuga atatsikitsa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana sayenera kuyesa njirayi.

Kwa ambiri, njira yodalirika ndiyo kuchepetsa thupi pang'onopang'ono ndi 7 mpaka 10 peresenti: wolemera makilogalamu 90 ataye 6 mpaka 9. Mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, mowa ndi zakumwa za shuga zisiyidwe. Thupi likanenepanso, mafutawo amabwerera, choncho kadyedwe katsopano kayenera kukhala ka masiku onse. Wofuna kudya pang'ono kwambiri ayambe wakaonana ndi dokotala.