Galasi Limodzi la Cartier-Bresson

M'chaka cha 1932, mnyamata wina wa ku France, dzina lake Henri Cartier-Bresson, anagula kamera ya Leica mumzinda wa Marseille. Kamerayo inali yaing'ono, yokwana m'dzanja, ndipo kumaso kwake kunali galasi la mamilimita 50.

Magalasi a kamera amasiyana. Lalifupi, monga la mamilimita 28, limakokera zinthu zambiri m'chithunzi, koma limapotoza nkhope ya munthu amene ali pafupi. Lalitali limasendeza chinthu chakutali wojambula ali chiimire. La mamilimita 50 lili pakatikati, ndipo limaonetsa zinthu pafupifupi monga momwe maso athu amazionera.

Ngakhale kuti nthawi zina ankajambulira magalasi ena, Cartier-Bresson anakakamira limeneli. Komatu silinali la munthu waulesi. Akafuna nkhope ya munthu, ankayenera kumuyandikira ndi mapazi ake. N'chifukwa chake ankamata tepi yakuda pambali zonyezimira za kamerayo kuti anthu asamuzindikire.

Mu Januwale 1948 anajambula Mahatma Gandhi ku Delhi, patangotsala nthawi yochepa kuti mkuluyo aphedwe. Tsiku la maliro, analowerera m'chinamtindi cha anthu olira, kakamera kake kali m'manja.