Maphunziro Oteteza Zachilengedwe ku Bulawayo

Ku Bulawayo, m'dziko la Zimbabwe, maphunziro oteteza nyama ndi zomera amachitikira pa yunivesite ya National University of Science and Technology, yomwe idakhazikitsidwa mu 1991 ndipo ili ndi nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Mwayi wa ophunzira kumeneko ngwakuti zophunzirira zili pakhomo. Nyumba ya Natural History Museum, yotsegulidwa mu 1964, imasunga zikopa za mbalame ndi tizilombo touma m'madirowa, pomwe kumapiri a Matobo, omwe UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2003, kuli zipembere ndi ziwombankhanga zakuda.

Komabe kuwerenga nyama pakokha sikukwanira. Wophunzira ayeneranso kudziwa malamulo. Ena amati zamalamulo nzandale ndipo zimangosokoneza sayansi, koma mbiri ya Zimbabwe ikuwatsutsa. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 lidapatsa eni mafamu mphamvu pa nyama za m'malo awo, kenaka ndondomeko ya CAMPFIRE idafikitsa ganizolo kumidzi kuyambira 1989 kudzera m'makhonsolo. Mlimi yemwe njovu zamuthera mapira usiku umodzi amafuna kudziwa komwe ndalama zomwe alenje amalipira pa ndondomekoyi zimapita, ndipo womaliza maphunzirowa ndiye adzaime pabwalo la amfumu kumuyankha.