Viza ya ku Japan imathera pabwalo la ndege

Munthu akatuluka ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, pasipoti ili m'manja ndipo viza yamatidwamo, amaona ngati zonse zatheka. Koma malamulo a ku Japan saipatsa viza ulemu umene ife timaipatsa. Kwa iwo viza, imene amaitcha sashō, ndi umboni chabe wa kazembe wakuti pasipotiyi ndi yeniyeni ndipo mwini wake angathe kukapempha kulowa. Ili ngati kalata ya amfumu yokuperekeza kwa DC: imakufikitsa pakhomo, koma wolamula ali m'katimo.

Maofesi akenso ndi awiri. Viza imachokera ku Unduna wa Zakunja kudzera mwa akazembe. Ololeza kulowa ndi a Immigration Services Agency, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu Epulo 2019 pansi pa Unduna wa Zachilungamo. Mukatera ku Narita, Haneda kapena Kansai, ofisala wa bungweli amakutengani zidindo za zala ndi chithunzi, monga akhala akuchitira kwa alendo a zaka 16 kupita m'tsogolo kuyambira mu Novembala 2007. Akakhutira, amamata m'pasipoti kapepala kotchedwa jōriku kyoka, chilolezo chotsikira m'dziko. Viza yolowera kamodzi ntchito yake imathera pomwepo. Ndi chifukwa chake nzika za Lesotho, Mauritius ndi Tunisia, zomwe zimapita kukacheza ku Japan popanda viza, nazonso zimaima pamzere womwewo kudikira kapepala komweko.

Pakapepalapo pamalembedwa zinthu ziwiri zofunika kwambiri, ndipo moyo wonse wa mlendo ku Japan wagona pamenepo. China ndi tsiku lomaliza kukhala m'dzikomo. Chinacho ndi zairyū shikaku, kutanthauza udindo umene boma lakulolezerani kukhalamo. Apa m'pamene ndimafuna aliyense wopita kumeneko amvetsetse, chifukwa Japan salandira munthu kuti azichita chilichonse chimene wafuna. Amamulandira kuti achite chinthu chodziwika. Wobwera kudzaona malo, kudzacheza ndi abale kapena kumsonkhano amapatsidwa tanki taizai ya masiku 15, 30 kapena 90, ndipo saloledwa kugwira ntchito ya malipiro ngakhale ya tsiku limodzi. Wophunzira amapatsidwa ryūgaku. Udindo umenewu ndi wa sukulu basi. Akafuna kaganyu m'sitolo kapena m'lesitilanti ayenera kupempha chilolezo chapadera, shikakugai katsudō kyoka, chomwe chimalola maola 28 pa sabata, osapyola apo, kupatula nthawi ya tchuthi chachitali. Mwana wasukulu amene wapanikizika ndi lendi n'kuwonjezera maola mwakachetechete amaika pachiswe maphunziro ake onse, pakuti nkhaniyo imadzatulukira tsiku lokawonjezera nthawi yokhala. Mphunzitsi wa Chingerezi amene wapeza ntchito yophika nayenso sangangosamuka. Ntchito ya mtundu wina imafuna udindo wina.

Kwa wopita kukakhalitsa, ulendo umayambira ku Japan komweko iye asananyamuke. Sukulu kapena kampani yomuitana imamupemphera kalata yotchedwa Certificate of Eligibility, anthu amangoti COE. A imigireshoni amafufuziratu ngati munthuyo akuyenera udindo umene akupempha, ndipo kalatayo ikatuluka ndi imene amapita nayo kwa kazembe. Ine ndimaona kuti dongosololi n'labwino, chifukwa mafunso olemera amayankhidwa munthu asanagulitse munda kuti apeze ya tikiti. Chovuta n'chakuti COE imagwira ntchito miyezi itatu yokha. Ikachedwa m'njira, kapena mwini wake akazengereza kusonkha ndalama, zonse zimayambiranso poyamba.

Wokhala kupyola miyezi itatu amalandira khadi lotchedwa zairyū, lomwe linayamba mu Julaye 2012. Akapeza nyumba ali ndi masiku 14 oti akalembetse keyala yake ku ofesi ya khonsolo. Khadilo amayenda nalo paliponse, ndipo mlendo wa masiku ochepa amayenda ndi pasipoti, pakuti wapolisi ali ndi mphamvu yofunsa pamsewu.

Pali mawu enanso amene Amalawi okhala kumeneko ayenera kuwadziwa, poti maliro sauza tsiku. Minashi sainyūkoku ndi chilolezo chotuluka n'kubwereranso chisanathe chaka, kapena tsiku la pakhadi lisanakwane ngati lili pafupi. Sichifuna kupita ku ofesi. Munthu amangochonga pafomu yotulukira pabwalo la ndege n'kuonetsa khadi. Wotuluka osachita zimenezi, alibenso chilolezo china chobwerera, amatengedwa kuti wapitiratu, ndipo udindo wake umafera pomwepo.

Wopyola tsiku lake akagwidwa n'kubwezedwa kwawo amaletsedwa kulowa ku Japan zaka 5, ndipo wobwereza amaletsedwa zaka 10. Amene wadzipereka yekha, alibe mlandu wina, angathe kupatsidwa lamulo longotuluka osatsekeredwa, n'kuletsedwa chaka chimodzi. Koma palibe chifukwa chofikira kumeneko. Wopatsidwa miyezi 6 kapena kuposerapo amaloledwa kupempha nthawi yowonjezera kutatsala miyezi itatu, ndipo tsiku lowerengera ndi lolembedwa pakhadi, osati la paviza ya ku Lilongwe.