Mafoni a m'manja pa ntchito zaumoyo m'boma la Mzimba

Mafoni a m'manja ndi chimodzi mwa zida zimene alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'boma la Mzimba. Bomali ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi, ndipo ntchito zaumoyo zinagawidwa pawiri: kumpoto zimayendetsedwa kuchokera ku Mzuzu, kumwera kuchokera pa boma la Mzimba. Midzi yambiri ya kumwera ili kutali ndi chipatala cha boma komanso cha mishoni cha Embangweni, choncho mwana akadwala malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba amayamba kuonedwa ndi mlangizi pa kiliniki ya m'mudzi.

cStock

Njira ya cStock inayamba mu 2011 mothandizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la ku America la JSI, ndipo pambuyo pake inafalikira m'maboma onse. Mwezi uliwonse mlangizi amatumiza uthenga wa pafoni wonena kuchuluka kwa mankhwala amene atsala. Kompyuta imawerengera mankhwala ofunika kuwonjezera n'kudziwitsa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Mankhwala akakonzedwa, mlangizi amalandira uthenga woti akatenge. Izi zimamupulumutsa ku ulendo wautali wa panjinga wokangobwerako chimanjamanja.

Supporting LIFE

Pulojekitiyi inalandira ndalama kuchokera ku European Union, ndipo inagwirizanitsa yunivesite ya Mzuzu, University College Cork ya ku Ireland ndi mabungwe ena. Anapanga pulogalamu ya pafoni yotsogolera mlangizi poyeza ana osakwana zaka 5. Imamufunsa zizindikiro chimodzichimodzi, kenako imamuuza ngati mwana alandire mankhwala pomwepo kapena atumizidwe kuchipatala msanga. Inayesedwa koyamba kumpoto kwa Mzimba, kenako ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay.

Chipatala cha pa Foni

Ntchitoyi inayambitsidwa ndi VillageReach ku Balaka mu 2011. Munthu amaimba foni kwaulere n'kulandira malangizo kwa ogwira ntchito zaumoyo. Inafika m'dziko lonse ndipo tsopano ili m'manja mwa boma.

Zovuta

M'midzi yambiri mulibe magetsi otchajira foni, ndipo netiweki imavuta. Vuto lina ndi loti ntchito zoyamba ndi ndalama zakunja zimatha kuima thandizo likatha. N'chifukwa chake Unduna unayambitsa iCHIS, pulogalamu imodzi ya boma yoti alangizi azilemberamo ntchito zawo m'malo mwa mabuku ndi mapulogalamu osiyanasiyana a mabungwe.