Dumile Feni: wojambula ndi makala amene Joni inamukana

Anzanga, tikamva za Joni ambirife timaganiza za mabasi onyamuka pa Wenela ndi achimwene amene amatumiza ndalama mwezi ukatha. Koma mzinda womwewo unathamangitsapo mwana wa dziko lomwelo, mlandu wake uli kujambula basi. Dzina lake ndi Zwelidumile Feni, ambiri amangoti Dumile.

Anabadwira ku Worcester, kufupi ndi Cape Town, ndipo mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Atakula pang'ono anapita ku Johannesburg nagwira ntchito pamalo oumba ziboliboli. Sanalowepo m'koleji ya zojambula. Cha m'ma 1963 anadwala TB nagonekedwa m'chipatala, ndipo kumeneko anakumana ndi wojambula mnzake Ephraim Ngatane. Awiriwa anayamba kujambula pa zipupa za chipatalacho. Luso linakhwimira pa bedi la odwala, tangoganizani.

Kajambulidwe kake azungu amakatcha expressionism. Mwachidule, wojambula safuna kuti chithunzi chifanane ndi foto. Amapotoza dala nkhope, amatalikitsa manja, amatong'ola maso, kuti iwe woonawe umve zimene zili mumtima mwa wojambulidwayo. Dumile ankagwiritsa ntchito kwambiri makala ndi inki. Makala, eti, abale ake a omwewa timaphikira pa mbaula ku Ndirande ndi ku Bangwe.

Mu 1966 anaonetsa zithunzi zake payekha ku Gallery 101 mu Johannesburg. Chaka chotsatira, 1967, ntchito zake zinakaimira South Africa pa chionetsero chachikulu cha ku São Paulo, ku Brazil. M'chaka chomwecho anajambula African Guernica, chithunzi cha anthu opindikapindika osakanikirana ndi ng'ombe. Dzinalo likukumbutsa Guernica ya Picasso ya 1937, yoonetsa tauni ya ku Spain itaphulitsidwa ndi mabomba. Lero chithunzi cha Dumile chimasungidwa ndi yunivesite ya Fort Hare.

Nanga anathawiranji atatchuka chonchi? Malamulo a tsankho ankafuna kuti munthu wakuda akhale ndi chitupa choonetsa kuti ali ndi bwana amene akumugwirira ntchito mu tauni. Kwa apolisi, kujambula sikunali ntchito. Ankamuvutitsa pafupipafupi, ngakhale mnzake Bill Ainslie anayesetsa kumusunga pakhomo pake. Mu 1968 Dumile ananyamuka kupita ku London, kusiya chibwenzi chake chili ndi pakati. Mwana wamkazi amene anabadwayo sanaonane naye mpaka imfa.

Kunjako anapitiriza kujambula. Chikuto cha chimbale cha Hugh Masekela cha 1972, Home Is Where the Music Is, ndi dzanja lake. Kenako anasamukira ku America, koma moyo unali wothina, ndalama zosaoneka. Anamwalira ndi matenda a mtima mu 1991 ku New York, Mandela atatuluka kale m'ndende, iye asanapondenso kwawo. Ulemu unabwera mochedwa: mu 2003 boma linamupatsa mendulo ya Order of Ikhamanga, ndipo chiboliboli chake chotchedwa History chaima pa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, mu Johannesburg momwemo.

Musaganize kuti izi ndi za kwa anthu okha. Chaka chimene Dumile anathawa, 1968, ndi chaka chimene Malawi anakhazikitsa lamulo lounika mabuku, masewero ndi nyimbo zisanafike kwa anthu. David Rubadiri anali atasiya kale ukazembe n'kukhala kunja pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, natuluka mu 1991, chaka chimene Dumile anamwalira, n'kupita kukakhala ku Britain.

Masiku ano palibe wapolisi amene angakufunse chitupa chifukwa wagwira bulashi pa Victoria Avenue. Koma funso lija likadalipo, limangotuluka m'kamwa mwa amalume kapena aneba: "Ntchito yeniyeni uyamba liti?" Anyamata ambiri a luso mu Limbe akungolemba zikwangwani za masaluni ndi mashopu, ena akwera basi ya ku Joni. Ngati m'gulu lathu muli wojambula, tiyeni tione zithunzi zake, tizigawe pa Facebook, ndipo amene ali ndi kangachepe agule chimodzi mwini wake akadali pafupi nafe. Loweruka lina mukapeza mpata, kayendeni ku Mandala House kapena ku myuziyamu ya ku Chichiri, mukaone zimene manja a kwathu kuno apanga.