Monroeville, katauni ka alembi awiri ndi milandu iwiri

Pamapu a dziko la America, Monroeville ndi kadontho chabe. Ili kummwera kwa chigawo cha Alabama, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 6,000. Koma m'katauni kameneka, m'nyumba ziwiri zoyandikana, munakulira ana awiri amene anadzatchuka padziko lonse ndi ntchito yolemba: Harper Lee ndi Truman Capote.

Lee anabadwira komweko pa 28 Epulo 1926. Bambo ake, a Amasa Coleman Lee, anali loya komanso mkonzi wa nyuzipepala ya m'deralo. Capote anabadwira ku New Orleans mu 1924, koma banja la makolo ake litagwedezeka, anakaleredwa ndi achibale a mayi ake ku Monroeville. Ana awiriwa ankasewerera limodzi, ndipo bambo a Harper anawapatsa makina akale otayipira kuti azilembapo nthano zawo.

Nthawiyo, ku Alabama lamulo linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda pa chilichonse: sukulu, zipatala, ngakhale pokhala m'khoti. Mu 1919, a Lee anaimira anthu akuda awiri, bambo ndi mwana wake, pa mlandu wopha mzungu mwini sitolo. Anagonja pa mlanduwo, ndipo awiriwo ananyongedwa. Harper anali asanabadwe, koma anakulira pakhomo pamene nkhani yotereyi inachitikira bambo ake enieni.

Mu 1949 Harper anasamukira ku New York, komwe ankagwira ntchito yosungitsira anthu malo m'ndege, n'kumalemba akaweruka. Pa Khirisimasi ya 1956, anzake Michael ndi Joy Brown anamupatsa ndalama zokwana malipiro a chaka chathunthu kuti asiye ntchito n'kukhala pansi kulemba. Mkonzi wake, Tay Hohoff, anamulembetsa mobwerezabwereza mpaka pa 11 Julayi 1960 pamene buku la To Kill a Mockingbird linatuluka. Chaka chotsatira linapata mphoto ya Pulitzer, ndipo pofika lero makope oposa 40 miliyoni agulidwa.

Nkhani yake imachitikira ku Maycomb, tauni yopeka imene aliyense wa ku Monroeville anaizindikira. Kamtsikana kotchedwa Scout kakufotokoza mmene bambo ake, loya Atticus Finch, anaimira Tom Robinson, munthu wakuda womunamizira kugwirira mkazi wachizungu. Umboni unali woonekeratu kuti Tom sanalakwe, koma azungu ogamula mlandu anamupeza wolakwa. Kamnyamata kongolankhula kotchedwa Dill m'bukuli ndi Capote uja. Bukuli lisanatuluke, Lee anaperekeza Capote ku Holcomb, tauni ina yaing'ono ku Kansas, kukafufuza za kuphedwa kwa banja lina, kafukufuku amene anabala buku la In Cold Blood.

Filimu ya To Kill a Mockingbird inatuluka mu 1962, ndipo amene anasewera Atticus ndi Gregory Peck. Opanga filimu anapeza kuti Monroeville yasintha kwambiri, choncho anajambulira ku Hollywood, koma chipinda cha khoti anachimanga motengera ndendende khoti lakale la m'tauniyi. Peck anapita ku Monroeville kukacheza ndi a Lee, bambo a Harper, kuti aone mmene gogoyo ankayendera ndi kulankhulira. A Lee anamwalira chaka chomwecho filimu isanaonetsedwe, ndipo Harper anapatsa Peck wotchi ya bambo akewo. Peck analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha gawoli. Ubale umene filimuyi inamanga sunali wapakamwa: Peck atamwalira mu 2003, amene analankhula pamaliro ake ndi Brock Peters, yemwe anasewera Tom Robinson.

Tauniyo inadya nawo zipatso za kutchukaku. Khoti lakale linasanduka nyumba yosungiramo mbiri, ndipo kuyambira mu 1991 anthu wamba a m'deralo amachita sewero la bukuli chaka ndi chaka, gawo la mlandu n'kulichitira m'chipinda chenicheni cha khotilo. Mu 1997 aphungu a Alabama analengeza kuti Monroeville ndi likulu la zolembalemba m'chigawocho.

Apa m'pamene mbiriyi imawawa mtima. Pa 1 Novembala 1986, mtsikana wachizungu wa zaka 18 anaphedwa m'sitolo yochapira zovala m'tauni momwemo. Patapita miyezi apolisi asanagwire munthu, anamanga Walter McMillian, munthu wakuda wogwira ntchito yodula mitengo. Anamutsekera limodzi ndi oyembekezera kuphedwa mlandu wake usanazengedwe n'komwe. Anthu ambiri anachitira umboni kuti pa nthawi ya chiwembucho iye anali pakhomo pake, pomwe achibale ndi anansi ankakazinga nsomba zogulitsa. Mawu awo sanamveke, poti anali akuda. Mlanduwo, umene unasamutsidwira ku boma la Baldwin, unatenga tsiku limodzi ndi theka mu 1988. Mwa ogamula khumi ndi awiri, wakuda anali mmodzi yekha. Iwo anapempha kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, koma woweruza, Robert E. Lee Key Jr., anakana n'kulamula kuti aphedwe.

Amene anamupulumutsa ndi loya wachinyamata wakuda, Bryan Stevenson, yemwe anaonetsa poyera kuti mboni yaikulu ya boma inakakamizidwa kunama. McMillian anatuluka mu Marichi 1993. Tangoganizani: pamene sewero la Tom Robinson linkayamba kukopa alendo mu 1991, mwana wa m'dera lomwelo anali m'chitokosi kudikira imfa pa mlandu wosaudziwa. Kwa ine, aliyense wokamba za Monroeville osatchula McMillian wakamba theka la nkhani. Stevenson analemba zonsezi m'buku la Just Mercy mu 2014, ndipo mu filimu yake ya 2019 Jamie Foxx anasewera McMillian, Michael B. Jordan n'kusewera loyayo.

Harper Lee anakhala zaka zambiri akukana atolankhani. Mu Julayi 2015 kunatuluka Go Set a Watchman, buku limene analilemba poyambirira penipeni, ndipo owerenga ambiri anakhumudwa kupeza Atticus wokalamba akuikira kumbuyo tsankho. Lee anamwalira pa 19 Febuluwale 2016 ali ndi zaka 89, ndipo anaikidwa m'manda ku Monroeville komweko. McMillian anali atatsogola kale mu 2013, atadwala matenda oiwalaiwala.